Akodiyoni wa m'Khola

A Makiyi anasunga katundu wa bungwe lina lothandiza anthu kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo sanatengepo ngakhale sokisi imodzi yopanda inzake. Ndayamba ndi zimenezi kuti pomva zotsatirazi musawaike m'gulu la anthu oipa mtima. Anali munthu wabwino, ndipo ubwino wawowo ndi umene umandipweteka ndikawakumbukira.

Dzinali linachokera ku mulu wa makiyi umene unkalendewera pa lamba wawo. Makiyiwo ankamveka mwini wake asanatulukire, moti amuna onyamula mabelo akamva phokosolo ankabweza msanga chimene anali atasolola. A Makiyi anali munthu wamfupi, wa dazi lowala, wovala jekete ya khaki imene akazi awo ankaisita Lamlungu lililonse masana. Sankamwa, sankasuta, ndipo nthabwala ankazimva mochedwa, n'kuyamba kuseka anzawo atalowa kale nkhani ina.

Nyumba yosungiramo katunduyo inali yaitali, ya malata, yopanda mawindo kupatula timabowo ta mphepo pamwamba pa khoma. Munkamveka fungo la zovala za anthu ena, sopo ndi makatoni onyowa. Pakhomo panali sikelo ndi tebulo la a Makiyi, pakati panali mashelefu achitsulo, ndipo kumapeto kwenikweni kunali kachipinda kotchinga ndi waya, kokhoma ndi loko wamkulu ngati chibakera. Kachipindako aliyense ankakatchula kuti khola.

Katundu ankachokera ku maiko olankhula Chifalansa, pamene mafomu a ku ofesi anali a Chingerezi. N'chifukwa chake pakhoma, pamwamba pa tebulo, panali pepala limene mayi wina wochokera kunjako analemba pamanja a Makiyi atangoyamba ntchito. Kumanzere kunali mawu a Chifalansa, kumanja a Chingerezi. Don, donation. Cadeau, gift. Offrir, to give. Gratuit, free. Doué, gifted. Pansi penipeni panali talent, talent, ndipo a Makiyi ankati liwu limeneli ndi laulesi chifukwa linakana kusintha malaya pochoka kumanzere kupita kumanja. Imeneyi ndiyo nthabwala yokhayo imene anapekapo okha, ndipo mlendo aliyense wolowa m'nyumbamo ankayenera kuimva.

Pepalalo analiloweza ngati pemphero. Chifalansa chawo chonse chinali chomwecho, mawu makumi anayi ndi mphambu zochepa, onse a kupatsa ndi kulandira. Akanati atayike m'dziko la eni chinenerocho sakanatha kufunsa njira kapena kupempha madzi akumwa, koma kuthokoza kokha akanathokoza m'njira zisanu.

Ntchito yawo inkayendera mawu awiri oyamba aja. Katoni yolembedwa don inali ya aliyense wosowa. Ankaitsegula, kusankha za m'katimo, n'kuzitumiza kusukulu, kuzipatala ndi kwa okalamba. Katoni yolembedwa cadeau inali ya munthu mmodzi amene dzina lake linkalembedwa pamwamba, ndipo inkadikira m'khola mpaka mwini wake atabwera kudzasainira. Lamulo lachitatu silinali papepala lija koma linali lalikulu kuposa onse: wantchito wa bungwe, mkazi wake, mwana wake, ngakhale mphwake, asalandire kanthu kochokera m'nyumbamo. Ena lamuloli ankalidumpha ngati ngalande yopanda madzi. A Makiyi ankalivulira chipewa.

Kunyumba kwawo kunali zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa mzere wa timasitolo, ndipo m'menemo analeramo ana anayi. Womaliza anali mtsikana amene aliyense ankangomuitana kuti Mzime. Mwana ameneyu anabadwa ndi khutu. Nyimbo ikalira kamodzi pa wailesi ya ometa tsitsi, madzulo ake ankaiimba yonse, mpaka pamene gitala amalira yekha. Ali ndi zaka zisanu anandandalika mabotolo pakhonde, kuthiramo madzi mosiyanasiyana, n'kumawamenya ndi supuni, ndipo anthu opita kumpopi ankaima ndowa zili kumutu. Mayi ake ankamukalipira chifukwa cha mabotolo osweka, koma akatembenuka ankamwetulira okha. Choimbira chenicheni mwanayo anali asanachigwirepo. Kutchalitchi kunali limba, koma bambo amene ankaliimba ankalitseka ndi kiyi ndipo ana ankawathamangitsa ngati nkhuku.

Chaka chimene Mzime anakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, pa tchuthi, mayi ake ankamutuma kukasiya chakudya chamasana kuntchito kwa bambo ake. Tsiku lina asanafike, lole inabweretsa mabelo a zovala, ndipo pakati pa mabelowo panatuluka bokosi lakuda lolimba, lokhala ndi chogwirira. Pamwamba pake panamatidwa kapepala kolembedwa cadeau, koma dzina panalibe. A Makiyi analitembenuza mbali zonse, kuyang'ana mpaka kunsi, dzina osalipeza. Atalitsegula anapezamo akodiyoni wofiira, choimbira chija chokhala ndi mvukuto pakati, chimene munthu amachikoka ndi kuchikankha pachifuwa zala zikuyenda pa makiyi oyera ndi akuda. Malamba ake anali ofewa chifukwa cha kuvalidwa zaka zambiri. M'mbali munali envulopu yokhala ndi kalata ya mizere isanu, yolembedwa ndi dzanja lonjenjemera.

M'kalatamo a Makiyi anazindikiramo cadeau, anazindikiramo doué, ndi liwu lotanthauza mwana limene ankaliona pa makatoni a zovala zazing'ono. Zotsalazo anawawerengera mlembi wa ku ofesi, mayi amene anaphunzirapo Chifalansa kusekondale. Wolemba kalatayo anali mayi wokalamba. Amuna ake anaimba akodiyoniyo zaka makumi anayi, tsopano anamwalira, ndipo iye ankafuna kuti choimbiracho chipite kwa mwana aliyense amene ali ndi luso.

Pobwerera kuchokera ku ofesiko anapeza ntchito itaima. Amuna awiri anali chilili, belo lili m'manja, osaliika pansi kapenanso kupita nalo. A Dalaivala, amene anabweretsa lole ija, anali atatsamira sikelo pakamwa pali yasa. Pa mpando wa a Makiyi panakhala Mzime, kontena ya chakudya ili pansi, akodiyoni ali pachifuwa, wamkulu kuposa mwanayo moti pamwamba pankangooneka maso. Onyamula mabelo anafotokoza pambuyo pake kuti poyamba chinthucho chinalira ngati ng'ombe yomangidwa, onse n'kuseka. Koma pasanathe mphindi khumi kuseka kunatha, chifukwa m'chinthumo munayamba kutuluka nyimbo imene inkalira pa wailesi mwezi umenewo, yathunthu, ndi pokwera pake pomwe.

Bambo wina aliyense akanalira ndi chimwemwe. A Makiyi chimene chinayamba kuwagwira ndi mantha. Anayang'ana kuchitseko ngati kukubwera abwana, kenaka anapita n'kumuvula mwanayo malamba aja pang'onopang'ono.

"Si zathu izi, mwanangu," anatero, n'kupukuta makiyi oyera aja ndi mpango wawo wa m'thumba.

A Dalaivala atamva za kalata ija anawakokera pambali, kuseri kwa lole. Anawauza kuti nkhaniyo inali yosavuta. Dzina palibe, ndiye alembepo la mwana wa mnansi wawo, mnansiyo adzasainire, madzulo chinthucho chilumphe mpanda. Anawakumbutsa kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndiponso kuti pano panalibe ngakhale kuba, chifukwa agogo olemba kalatawo anafuna mwana waluso, ndipo mwana walusoyo onse anamumva ndi makutu awo.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, a Makiyi. Mukazengereza adzatenga mphepo."

A Makiyi anayankha kuti zaka zonsezi sanalembepo bodza pa fomu, ndipo sayamba lero. Anati akapempha motsata njira yake, chifukwa chinthu choonekeratu chonchi palibe bwana angachikane.

Akazi awo atamva madzulo, anasiya mbale zimene ankatsuka. Iwo sanali munthu wopsatira mawu. Anawerenga zonse zimene anaona zikudutsa m'manja mwa amuna awo: mabulangete pamene ana awo ankafunda bulangete limodzi anthu atatu, nsapato pamene wachiwiri ankapita kusukulu chala chili panja. Zonsezo, anatero, sanadandaulepo, chifukwa bulangete ungalipeze chaka chamawa. Koma ichi chinali china. A Makiyi anawalonjeza kuti pofika Lachisanu zikhala zitatheka, ndipo Mzime, amene ankamvetsera kuchipinda, anawerenga masikuwo pa zala.

Abwana a nthawi imeneyo anali munthu wachifundo, wa magalasi, amene ankapukusa mutu kwambiri pomvera anthu chisoni. Anamvetsera zonse, n'kuvomereza kuti nkhaniyo inali yogwira mtima. Kenaka anafotokoza vuto. Chinthucho chinabwera ngati cadeau, choncho sakanachigawa ngati don. Cadeau imaperekedwa kwa amene dzina lake lalembedwa, ndipo apa dzina panalibe. Iwo sakanalemba dzina la mwana wa wantchito, chifukwa a ku likulu akanawadya amoyo. Njira inali imodzi: mayi wokalamba uja alembe yekha dzina la mwanayo. Dzina likachokera kwa wopereka, palibe angatsutse.

A Makiyi anatuluka mu ofesimo mtima uli m'malo. Njira inalipo, ndipo inali yoyera. Kalatayo anailemba masabata atatu. Sanafune kuti mlembi awalembere, chifukwa ankati pempho lotere liyenera kutuluka m'dzanja la bambo wa mwana. Nthawi ya nkhomaliro ankakhala pansi pa pepala lija ndi kabuku komasulira mawu kobwereka, n'kumasanja mawu ngati njerwa. Anaikamo cadeau, anaikamo doué, anaikamo talent waulesi uja, anathokoza m'njira zonse zisanu, n'kulemba dzina lenileni la Mzime ndi zilembo zazikulu. Mlembi atawerenga analuma mlomo kuti asaseke, n'kunena kuti agogowo amva ndithu. Kalatayo inapita ku ofesi ya abwana, kuti ikadzere ku likulu monga mwa dongosolo.

Tsopano panatsala kusunga, ndipo kusunga ndiyo inali ntchito imene a Makiyi ankaidziwa kuposa munthu aliyense. Ankadziwa zimene fumbi limachita, zimene makoswe amachita, zimene mphemvu zimachita. Anatenga pulasitiki wokhuthala wa mabelo, n'kukulunga bokosi lija katatu. Anamata tepi pa msoko uliwonse, n'kubwerezanso, mpaka anatsimikiza kuti ngakhale kamphepo sikangalowe. Pa shelefu sanaliike, poopa kuti katoni ina ingaligwere. Analiika pansi pa simenti, pakona ya khola, litatsamira khoma, pamene panalibe wolikhudza. Atatseka loko anaima pang'ono n'kumaliyang'ana monyadira. Zovala ankazisunga choncho, mabuku ankawasunga choncho, ndipo sizinawonongekepo.

Lachisanu lililonse Mzime ankawadikira pakhonde. Asanavule n'komwe nsapato ankawafunsa ngati agogo aja ayankha, ndipo iwo ankati makalata akunja amachedwa, mwina sabata yamawa. Mwanayo sankalira. Ankangopita kukakhala patebulo, zala za kudzanja lamanja zikuyenda m'mphepete mwa tebulolo, kukwera ndi kutsika pa makiyi amene panalibe. Popinda nsalu zochapa ankatambasula manja n'kuwabweza pang'onopang'ono, mutu utapendekeka, ngati akumvetsera. Mayi ake akamuona choncho ankatuluka panja kukasesa pamene anasesa kale.

Chaka chinatha. Abwana a magalasi anasamutsidwa, ndipo amene anabwera m'malo mwawo anati za kalata imeneyo sakuzidziwa, mwina inatayika ku likulu, alembenso. A Makiyi analembanso, ndipo ulendo uno anaitumiza okha ku positi. Patapita miyezi isanu inabwerera yosatsegula, pa envulopu patadindidwa liwu limene silinali papepala lawo. Mlembi analiyang'ana, n'kunena motsitsa mawu kuti agogowo anamwalira. Tsiku limenelo a Makiyi anatenga pensulo, n'kulemba pansi pa talent liwu lokhalo limene anawonjezerapo okha papepala lija: décédée, deceased.

Kuyambira pamenepo panalibenso munthu pa dziko lapansi amene akanalemba dzina pa bokosilo. A Makiyi anapita kwa abwana achiwiri, anapita kwa achitatu, anapita kwa achinayi. Wina anati alembere ku likulu, likulu linati afunse ofesi yakunja imene inatumiza katunduyo, ofesiyo inati nkhani za katundu amene anafika kale ndi za eni dziko. Aliyense ankawamvera chisoni ndipo aliyense ankati tiona. Kunalibe mdani woti amuloze chala, kunalibe chitseko choti achimenye. Chaka ndi chaka kunkabwera anthu oyendera katundu, ndipo akafika kukhola a Makiyi ankawalozera mtolo wakuda uja, tepi wake ali bwinobwino. Oyenderawo ankawayamikira kuti nyumba yawo ndiyo yokhayo imene katundu wake sasowa. Ndikanakonda ndikananena kuti mawu amenewa sankawasangalatsa, koma ankawasangalatsa.

Mzime ali ndi zaka khumi ndi zisanu anabwera kuntchitoko yekha, osatumidwa. Inali nthawi ya nkhomaliro, amuna onse ali panja pamthunzi. Anaima patsogolo pa tebulo atapinda manja kumbuyo.

"Ababa, sindikupempha kuti tipite naye kunyumba. Mungonditsegulira ndiimbe pompano, theka la ola, mukuona. Ndikatha mutsekanso."

A Makiyi anaimirira. Anayendadi mpaka kukhola, mwana ali pambuyo, ndipo kiyi anailowetsa m'loko. Pamenepo ndi pamene maganizo anawapeza. Tepi uja akamudula, oyendera adzaona kuti munthu anatsegula. Amuna ali panjawo akamva nyimbo, mawa adzati nawonso a Makiyi amadyapo, ndipo wina akadzasolola malaya adzamudzudzula ndi pakamwa pati? Ndipo abwana achitatu anali atangolonjeza kumene kuti nkhaniyo aitengera ku msonkhano wa mwezi wamawa. Kuwononga zonse chifukwa cha theka la ola? Dzanja lawo linakhala pa lokopo nthawi yaitali, kenaka anazula kiyi.

"Tidikire pang'ono, mwanangu. Zatsala pang'ono kutheka."

Mzime anayang'ana mtolo uja kudzera pa waya, anayang'ana bambo ake, n'kunena kuti chabwino. Kuyambira tsiku limenelo sanafunsenso, ndipo Lachisanu a Makiyi ankapeza pakhonde palibe munthu. Poyamba anapumira m'mwamba, poganiza kuti mwana wakula ndipo wamvetsa. Akazi awo ndi amene anawauza, tsiku lina akusita jekete ya khaki ija, osakweza n'komwe maso, kuti kodi aona kuti m'nyumba muno simukuimbidwanso. Anati katundu wa eni asunga bwino, koma wawo wawola ali m'manja. A Makiyi anachita zimene ankachita nthawi zonse akagwira njakata: anagwira makiyi a pa lamba n'kumawatembenuza.

Zotsatira zake zilibe chodabwitsa. Sukulu Mzime sinamuyendere bwino, ndipo atasiya anapeza ntchito yochapa nsalu pa hotela ina. Anakwatiwa ndi mnyamata wowotcherera zitsulo, munthu wofatsa wa manja a zipsera, n'kubereka mwana wamkazi. Bambo ake ankawalemekeza monga kale, kuwagwadira powapatsa madzi, kuwafunsa za msana wawo. Sanawanenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi, ndipo a Makiyi nthawi zina ankalakalaka akanawanena.

Patatha zaka khumi ndi zinayi chifikireni bokosi lija, nthawi yawo yopuma pantchito inakwana. Bwana wa nthawi imeneyo anali mayi wachitsikana, wothamanga, amene anabweretsa makompyuta ndipo makalata a Chifalansa ankangowaloza ndi foni n'kumva zonse. Pepala la pakhoma lija anali atalamula kale kuti lichoke popaka penti, ndipo a Makiyi analipinda n'kuliika m'thumba la jekete. Tsiku lotsanzikana kunali tiyi ndi mabisiketi pakati pa mashelefu. A Dalaivala, amene tsopano anali ndi imvi, analankhula mawu abwino, n'kunena kuti munthu uyu akanasunga ngakhale madzi m'dengu. Pambuyo pake abwanawo anapempha kuti awatsegulire khola, chifukwa ankafuna kuliphwasula kuti paikidwe mashelefu atsopano. Ataona mtolo wa pakona anafunsa kuti n'chiyani, ndipo a Makiyi anafotokoza zonse, kuyambira pa kalata ya agogo mpaka pa mabwana anayi.

Mayiyo anamvetsera akuyang'ana wotchi, kenaka anaseka, koma osati monyoza.

"Ndiye vuto lili pati, bambo? Ikakwana faifi koloko inu simulinso wantchito wathu. Tengani, mukampatse mwanayo."

Anang'amba kapepala, n'kulembapo cadeau ndi dzina lawo, n'kukamata pa pulasitikipo. Anawapatsa cholembera kuti asaine. Zonsezo sizinathe ngakhale mphindi imodzi. Anthu anaomba m'manja, ndipo a Makiyi anathokoza, chifukwa kuthokoza ankakudziwa. Anamasula mulu wa makiyi pa lamba n'kuupereka, ndipo potuluka pachipata anadabwa kumva kuti akuyenda popanda phokoso.

M'mawa mwake linali Loweruka. Akazi awo anakana kuwaperekeza, akuti mwendo ukuwapweteka, ngakhale kuti dzulo lake anayenda bwinobwino kupita kumsika. A Makiyi anakwera minibasi okha, mtolo uli pamiyendo, n'kulipirira mipando iwiri kuti munthu asautsamire. Njira yonse ankakonza mawu oti akanene. Ankafuna kukanena kuti waona, mwanangu, njira yoyera imachedwa koma imafika.

Anapeza Mzime ali pakhomo pa chipinda chawo cha lendi, akuyanika matewera, mwana ali kumbuyo. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Manja ake anali otuwa, osweka m'mfundo za zala chifukwa cha mankhwala ochapira. Ataona mtolowo anauzindikira pomwepo, ndipo thewera limene linali m'manja analibweza m'beseni. Anawalonjera bambo ake mwaulemu, kuwalowetsa m'chipindamo, kuwapatsa mpando, kuwafunsa za amayi, n'kutsitsa mwana kumupereka kwa amuna ake. Kenaka anatenga mpeni wa kukhitchini n'kugwada pansi.

Tepi anali wolimba, a Makiyi anamatadi bwino. Pulasitiki woyamba anachoka wouma. Wachiwiri anali ndi timadontho m'kati. Wachitatu atang'ambika munatuluka fungo la chinthu chimene chakhala m'madzi, moti mkamwini uja anabwerera m'mbuyo ndi mwana. Bokosi linali lofewa kunsi, mbali imene inakhudza simenti. M'kati, kufiira kuja kunali kutakutidwa ndi nkhungu yobiriwira, ndipo makiyi ena anali atatupa n'kumamatirana.

Mkamwiniyo anasuzumira m'kati monga munthu wodziwa zitsulo. Analankhula mosamala, powalemekeza apongozi ake, koma ananena zoona. Simenti imatulutsa chinyontho, pulasitiki amachita thukuta, ndipo chimene chalowa sichitulukanso. Tizitsulo timene timalira m'katimo tinali titadyeka ndi dzimbiri. Anati chinthu ngati ichi si bulangete. Chimafuna mphepo, chimafuna munthu azichitsegula ndi kuchitseka, ngakhale kamodzi pa mwezi, ngakhale theka la ola.

A Makiyi anamva mawu omalizawo ngati wawaponda pachilonda, koma mkamwiniyo sankadziwa kanthu za tsiku lija. Amene ankadziwa sanakweze mutu.

Mzime ananyamula akodiyoniyo. Lamba woyamba anaduka atangomukoka, choncho anakhala pa mpando n'kumuika pa bondo. Atakoka mvukuto, unatseguka ndi kaphokoso ngati munthu wodwala akuusa moyo, n'kung'ambika m'mapindo awiri, fumbi lobiriwira likugwera pa siketi yake. Panalibe liwu lililonse limene linatuluka. A Makiyi anayembekeza kuti amuika pansi, koma sanatero. Anapendeketsa mutu monga ankachitira popinda nsalu, ndipo zala zosweka zija zinayamba kuyenda.

M'chipindamo munkangomveka kugogoda kwa makiyi ndi mphepo yotuluka m'ming'alu. Komabe a Makiyi, amene nthabwala ankazimva mochedwa, ichi anachimva msanga. Inali nyimbo ija ya pa wailesi, imene aliyense anaiiwala kalekale. Anaizindikira pa kayendedwe ka zala, pamene zinkafulumira, pamene zinkakwera, pamene zinkadikira gitala. Pa makiyi omamatirana zalazo zinkadinabe, osalumpha. Anaiimba yonse, n'kubwereza pobwereza pake, mpaka kumapeto.

Atamaliza anatseka mvukuto pang'onopang'ono kuti usang'ambikenso, n'kuika choimbiracho pansi pafupi ndi khoma.

"Zikomo, ababa. Mwavutika kunyamula."

Anagwira bokosi lija, kulitembenuza, n'kunena kuti likauma padzuwa mbali yapamwambayi ikadali yolimba, angamasungiremo zovala za mwana. Anafunsa ngati bambo ake amwa tiyi, ndipo asanayankhe anatuluka kukaika madzi pamoto.

A Makiyi anatsala pampando, pepala lija lili m'thumba la jekete. Munali mawu makumi anayi ndi mphambu zochepa, a kupatsa, a kulandira, a kuthokoza, ndipo anawadutsa onse m'mutu kuchokera pamwamba mpaka pansi osapezamo limodzi loti amuuze mwana wawo akabwera ndi tiyi. Panja ankamumva akutsuka makapu, osaimba. Dzanja lawo linapita lokha pa lamba kukafuna makiyi, ndipo linapeza palibe kanthu.